Amayi a Kunyumba Inayo

Pashopu yochapa ndi kusita zovala paja aliyense ankaitanidwa ndi chida chake. Wosoka mabatani ndi kupinda miyendo ya mathalauza anali Namabatani. Iye, poti ankakhala tsiku lonse ataweramira simbi, anali Nasimbi. Dzinali linamukakamira moti ngakhale mwamuna wake, masiku amene ankasekabe limodzi, ankamuitana choncho.

Banja lawo silinasweke ngati mbale. Linatha ngati kolala ya shati, kuperepeseka pang'onopang'ono mpaka tsiku lina n'kungong'ambikira m'manja. Mwamunayo, wokonza mafiriji, akakwiya ankatseka pakamwa kwa masiku, kudya ali duu, kugona atayang'ana kukhoma. Nasimbi naye, munthu akamukhalira chete, pakamwa pankamuyabwa. Ankayankhula m'malo mwa onse awiri, ndipo mawu ake ankatuluka ndi minga. Panalibe mkazi wina, panalibe mwamuna wina, panalibe ngakhale mbama. Achibale atawakhazika pansi anasowa poyambira. Mapeto ake Nasimbi anamanga katundu wake, natenga ana ake awiri, n'kukachita lendi zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya nsapato, kufupi ndi kuntchito.

Wamkulu anali mtsikana, mano akutsogolo atangoguluka kumene. Ankamutcha Kadona chifukwa chiyambire ankakonda kukhala atapingasa miyendo n'kumakonza akuluakulu akalakwitsa mawu. Wamng'ono anali Phwiti, kamnyamata kochepa thupi, kodya mojompha ngati kambalame kaja, kosayamba ndi sukulu ya mkaka yomwe.

Anawa sanawauze zoona. "Tikukakhala pafupi ndi kuntchito kwanga kuti ndisamachedwe," anatero Nasimbi tsiku losamuka, ndipo bambo awo anavomereza ndi mutu, maso ali pansi. Anagwirizana kuti kumapeto kwa sabata ana azipita kwa bambo awo kunyumba yakale ija, Lamulungu madzulo azibwerera.

Zinayamba Lamulungu lina atabwerako. Nasimbi anathira madzi ofunda m'beseni n'kuitana Phwiti kuti adzasambe. Mwanayo anakana, manja atabisa kumbuyo.

"Ndasamba kale ine. Amayi andisambitsa."

"Amayi ati? Ine ndi pano ndikukuona."

"Amayi a kunyumba inayo."

Kadona anali pakhomo la bafa atanyamula thaulo. "Akunama ameneyo," anatero msangamsanga. "Amangoyankhula zilizonse."

Nasimbi sanafunsenso, koma pomasula chikwama cha ana anaima kaye. Malaya a Phwiti anali opindidwa bwino, manja kumbuyo, kolala pamwamba, batani loyamba lomanga. Umu ndi mmene iye mwini ankapindira zovala za makasitomala. Mwamuna wake zovala ankangozikulunga ngati akufinya chikolopa.

M'mawa mwake anamuuza Namabatani uku akudikira kuti simbi itenthe.

Namabatani anachotsa singano pakamwa n'kuseka. "Inu mukudabwa chiyani? Mwamuna ali ngati mpando wa m'basi, asisi. Ukangodzuka, wina wakhalapo kale, pakadali potentha."

"Akwatire ngakhale mawa, zilibe nane kanthu. Koma ana anga asamamutchule kuti amayi."

"Ndiye mukawafunse eniake. Mukamangofukiza mumtima choncho muwotcha malaya a anthu."

Sabata yotsatira ana anabweranso ndi zovala zopinda chimodzimodzi. Phwiti akudya buledi pamkeka anayamba kung'ung'udza kanyimbo kopanda mawu, kamene Nasimbi ankamugonekera ali khanda, kamene anali asanakaimbeko chisamukire. Kenako mwanayo anamuyang'ana mayi wake kwa nthawi, ngati akufanizira ndi wina.

"Inu simukalipa," anatero. "Amayi a kuja amakalipa."

"Amakukalipira iwe?"

"Ayi. Adadi."

"Ndiye adadi amati chiyani?"

"Sayankha. Amakhala panja."

Kadona anadzuka n'kuyamba kusonkhanitsa makapu, tiyi wake asanamalize.

Lachisanu bambo wa anawo atabwera kudzawatenga, Nasimbi anatsika nawo masitepe, nawauza kuti atsogole akaone nsapato pagalasi la sitolo. Anatsala awiri pansi pa masitepe, pamene pankanunkha chikopa ndi guluu. Mwamunayo anali ataonda, ovolo yake ikumulendewera.

"Bambo a Kadona, za moyo wanu sindikulowererani. Koma mkazi amene mwalowetsa m'nyumba muja mumuuze kuti ana awa mayi awo alipo."

"Mkazi?" Anamuyang'ana ngati wamuyankhula chilankhulo china. "M'nyumba muja mulibe ngakhale mphaka."

"Nanga akuwasambitsa ndani? Akupinda zovala ndani?"

Mwamunayo anakanda ndevu. Anatsegula pakamwa, natsekanso, ndipo Nasimbi anaganiza kuti kukhala chete kuja kwayambanso. Koma anayankhula, motsitsa mawu.

"Ine ndimafuna ndikufunseni inuyo. Kiyi wanu uja mukadali naye?"

"Ndili naye. Bwanji?"

"Loweruka lapitali ndinali kuseri ndikuwotcherera paipi. Ndinamva mawu anu kukhitchini. Ndinati mwabwera kudzatenga zotsala zanu, ndiye sindinalowe. Ndinaopa kuti tingayambanenso ana akuona."

"Loweruka ine ndinali pantchito mpaka kutseka. Kafunseni."

"Si koyamba," anatero mwamunayo. "Ndinaonanso diresi lanu lobiriwira lija pazenera. Munali mutaima pasinki."

Diresi limenelo Nasimbi analisiyadi m'wadiropu dala, chifukwa ndi limene anavala tsiku la mkangano wawo womaliza, ndipo sankafuna kulionanso. Asanayankhe, Phwiti anathamangira kwa bambo ake n'kuwakoka ovolo, ndipo atatuwo anapita.

Loweruka m'mawa ntchito sinamuyendere. Kuseri kwa kauntala kunali chitsulo chachitali chokolekapo zovala zositasita, chilichonse m'pulasitiki mwake: majekete, madiresi, mayunifolomu, zonse zitaima pamzere ngati anthu opanda mitu amene akudikira kuitanidwa. Zaka zonsezi anali asanaziganizepo choncho. Tsikuli, chitseko chikatseguka, mphepo inkazigwedeza, mapulasitiki n'kumanong'onezana, ndipo iye ankacheuka.

Chinamuvuta kwambiri chinali chakuti Phwiti sananame. Chisamukire, Nasimbi anali asanakwezepo mawu. Ankadzuka, kuphika, kuperekeza Kadona kusukulu, kusiya Phwiti kwa mayi wolera ana pansi pa msewu, kusita, kubwerera, kugona. Sankakwiya, sankaseka, sankaimba. Ankadziona wopepuka ngati limodzi la madiresi olendewerawo. Ndiye maganizo amene sankawafuna anamulowa: bwanji ngati mkazi weniweni, wa ukali wake ndi nyimbo zake, anatsala m'nyumba muja, ndipo chimene chinakwera galimoto ya katundu tsiku lija chinali chovala chabe?

Fungo la chopserera linamudzidzimutsa. Pamsana pa shati yoyera panali patadindika chilema cha simbi, chofiirira.

"Ndinanena ine," anatero Namabatani, akumulanda simbi ija. "Pitani komwe kuli mtima wanuko. Abwana akafunsa ndinena kuti dzino lakuvutani."

Anatsika basi dzuwa lili paliwombo. Msewu wawo wakale unali zii, mageti otseka, agalu atagona m'mithunzi ya mipanda osafuna ndi kuuwa komwe. Geti la kwawo linali lokhoma ndi kaloko kakunja, ndipo njinga yamoto ya mwamuna wake panalibe. Anadziwa kuti wayitanidwa mwadzidzidzi kukakonza firiji, mwina kubutchala ya pakona, n'kuwatsekera ana mkati poganiza kuti sachedwa. Anatsegula ndi kiyi wake.

Pabwalo panali monga kale, kapena kuposa. Mafiriji akufa amene anthu anabweretsa osadzawatenganso anali ndandanda m'mbali mwa mpanda mpaka kuseri, oyera, achikasu, ena dzimbiri litawadya m'munsi, ena zitseko zili yasa, ena otseka. Udzu unali utamera pakati pawo. Sipankamveka mwana kusewera.

Ali pakhonde anamva munthu akutsonya m'nyumba. Kenako mawu.

"Muzingokhala choncho. Muzingokhala duu ngati chitsa. Ine ndi wamisala, eti? Ndimayankhula ndi makoma ine?"

Nasimbi anagwira chimango cha chitseko. Munthu sadziwa bwino mawu ake, koma awa anawadziwa. Kukoka kwa "eti" kuja, kupumira pakati pa chiganizo, kakhosi kouma kaja, zonse zinali zake. Mbale zinagundana m'sinki. Madzi anatseguka, natsekeka.

Analowa mwakachetechete. Pabalaza panali mdima, makatani otseka, ndipo pakhoma panatsala mabala oyera pamene panali zithunzi zimene iye anatenga. Chitseko cha kukhitchini chinali chotseguka pang'ono. Mawu aja anatsika, nakhala ozizira, osakalipanso.

"Ndikanadziwa kuti muli chonchi, sindikanabereka nanu ana."

Mawu amenewa Nasimbi anawanena kamodzi kokha pamoyo wake, m'khitchini momwemo, m'mawa wina Kadona ali kusukulu, Phwiti ali kwa wolera ana. Panalibe wina anawamva koma mwamuna wake, ndipo chiwanenereni anali asanathe kuwaiwala.

Anakankha chitseko.

Pasinki panaima mkazi wa msinkhu wake, atamufulatira, atavala diresi lobiriwira lofika pansi, dzanja limodzi m'chiuno monga mmene iye ankaimira. Nkhope inali italoza ku mpando wopanda munthu pafupi ndi tebulo. Nasimbi anayang'ana pansi ndipo anaona kuti m'munsi mwa diresilo simukutuluka mapazi, koma miyendo ya kampando ka thabwa. Anayang'ananso mikono, naona kuti ndi yaing'ono, manja a diresi atawapinda kangapo.

"Kadona."

Mutu unatembenuka pang'onopang'ono. Nkhope inali ya mwana wake, mpata wa mano uli pomwepo, koma maso anamuyang'ana mosamudziwa, mmene mwini nyumba amayang'anira mlendo wolowa osaodira.

"Mukufuna ndani? Simukuona kuti ndikuyankhula ndi bambo awo?"

"Kadona! Ndine, amayi ako!"

Mwanayo anaphethira. Dzanja linachoka m'chiuno, mapewa anagwa, ndipo diresi lija linangokhala chinsalu chachikulu pa kamwana. "Amayi?" anatero ndi mawu ake enieni, aang'ono, oloweza mphepo pampata wa mano. Anayang'ana uku ndi uku ngati wodzuka kutulo.

Nasimbi anamutsitsa pakampandopo. Thupi la mwanayo linali lozizira ngakhale kunja kunkatentha. "Phwiti ali kuti?"

"Wakabisala."

"Kuti?"

"Komwe sitimva."

"Komwe simumva chiyani? Kadona, yankhula! Ali kuti?"

Kadona analoza pazenera, kunja, kumene kunali mafiriji.

Nasimbi sanadziwe mmene anatulukira. Anangozindikira akukoka chitseko cha firiji yoyamba. Munali mashelefu a dzimbiri ndi fungo la nkhungu. Yachiwiri, mphemvu zinabalalika. Yachitatu inakana kutseguka mpaka anaiponda ndi phazi. Ankaitana dzina la mwanayo, mawu ake n'kumagunda pazitsulo zoyerazo n'kubwerera, ndipo pakati pa kuitanako ankaima kuti amvetsere. Kunali zii. Kadona ankamutsatira akupunthwa pa diresi, akulira kuti, "Si imeneyo, si imeneyo, ya kuseri!"

Kuseri, pafupi ndi mpanda, kunali firiji yogona, ya chivindikiro pamwamba, yaitali ngati bokosi limene Nasimbi anakana kulitchula mumtima mwake. Pansi pambali pake panali theka la njerwa. Anagwira chivindikirocho ndi manja onse awiri. Labala wa m'mbali anakakamira kaye, kenako anamasuka ndi kaphokoso ngati munthu wopuma.

Phwiti anali atadzipinda pakona, kagalimoto ka pulasitiki kali m'manja, tsitsi ndi malaya zitanyowa ndi thukuta. Sanagwedezeke. Nasimbi anamunyamula, mutu wa mwanayo n'kugwera kumbuyo, ndipo anakhala naye pansi paudzu akumuuzira kumaso, akumusisita pachifuwa, akutchula dzina lake mobwereza ngati pemphero. Patapita kanthawi kamene kwa iye kanali kopanda mapeto, mwanayo anakoka mpweya wautali, natsokomola, natsegula maso mwaulesi.

"Atha kukalipa?" anafunsa.

Apa m'pamene njinga yamoto inalira pageti. Bambo wa anawo anazungulira nyumba akuthamanga, bokosi la zida lili m'manja, ndipo ataona mkazi wake paudzu, firiji yotsegula ndi Kadona m'diresi lija, bokosilo linamupulumuka, masipanala n'kumwazika.

Kuchipatala anamuyeza Phwiti, namupatsa madzi, nanena kuti palibe chaonongeka, koma akanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Namwino anawayang'ana makolo awiriwo pamwamba pa magalasi ake, ndipo palibe anadziteteza. Akudikira pabenchi, Phwiti atagona pamiyendo ya bambo ake, Nasimbi anamukokera Kadona pafupi n'kumufunsa modekha.

Mwanayo anafotokoza akuyang'ana mawondo ake. Malo aja anawapeza kalekale, onse akukhalabe pamodzi. Amayi ndi adadi akayamba, iye ankamutenga Phwiti n'kukalowa naye m'firiji yogonayo, chifukwa mkati mwake simunkamveka kanthu. Ankaika njerwa pachivindikiro kuti pakhale kampata, ndipo iye ankaigwirira ndi dzanja. Lero Phwiti analowa yekha.

"Nanga diresi?" anafunsa bambo ake.

"Phwiti akafika kuja amalira, amati amayi ali kuti. Inu mumakhala panja. Ndiye ndinalipeza m'wadiropu. Ndikavala amatonthola." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Ndimangofuna kumusambitsa ndi kumuimbira. Koma zinazo zimabwera zokha. Zikayamba, Phwiti amathawa."

"Mawu aja, omaliza aja," anatero Nasimbi, "unawamva kuti? Tsiku limenelo unali kusukulu."

"Sindinawamve kwa inu."

"Kwa ndani nanga? Adadi anakuuza?"

"Ine?" anatero mwamunayo. "Sindinauzepo munthu."

Kadona anapukusa mutu. "Amayi a kuja amanena okha. Ine ndimangotsegula pakamwa."

Anabwerera kunyumba yakale ija dzuwa litapendeka, chifukwa mwamunayo anati sagona mpaka atachita chinthu chimodzi. Ana anawakhazika pakhonde pooneka, ndipo iye anatenga sipanala n'kuyamba kumasula zitseko za mafiriji, imodzi ndi imodzi. Nasimbi ankagwirira chitseko kuti chisamugwere, kenako onse awiri n'kuchinyamula kukachitsamiritsa kumpanda. Anagwira ntchitoyo kwa nthawi osayankhulana, koma sikunali kukhala chete kwa kale kuja. Atafika pa yogonayo mwamunayo anaimenya ndi hamala mpaka mahinjesi anaduka.

"Ndinkawamva mawu aja," anatero akupuma wefuwefu. "Ndikanangolowa kamodzi kokha."

"Inenso ndikanafunsa bwino tsiku loyamba, m'malo mothamangira nsanje." Nasimbi anapukuta manja pasiketi. "Bambo a Kadona, ana awa tawanamiza mokwanira. Akuona kuti china chake chachitika, palibe akuwauza, ndiye akudzazamo okha."

"Tiwauze kuti chiyani?"

"Zoona. Koma muyankhule nawo inunso. Musandisiyire ndekha."

Anakhala nawo pakhonde pomwepo. Mwamunayo ndiye anayamba. Anawauza kuti amayi sanasamukire ntchito. Anati iye ndi amayi analephera kukhala nyumba imodzi popanda kupwetekana, ndipo sadzakhalanso limodzi. Nasimbi anawonjezera kuti si chifukwa cha Kadona, si chifukwa cha Phwiti, ndipo palibe chimene mwana angachite kuti zibwerere kapena zisabwerere. Phwiti ankayendetsa kagalimoto kake pa bondo la bambo ake. Kadona ankamvetsera nkhope ili gwa.

"Mpaka kalekale?" anafunsa.

"Mpaka kalekale," anayankha bambo ake.

"Ndiye kuno amayi akhala ndani?"

"Kuno kulibe amayi," anatero Nasimbi. "Kuno kuli adadi. Phwiti akalira, adadi amunyamula, adadi amusambitsa. Akandifuna, adadi andiimbira foni. Iwe ndiwe mwana, wamva? Ntchito yako ndi kusewera ndi kudetsa zovala." Anamugwira chibwano kuti amuyang'ane. "Ndipo mawu aja ndinanenadi, ndili wokwiya ndi adadi ako. Anali abodza. Chinthu chimodzi chimene sindidzanong'oneza nacho bondo ndi iwe ndi Phwiti."

Kenako Kadona analira mokuwa, pakamwa pali yasa, mamina ndi misozi, mmene amalirira mwana wamng'ono amene wagwa. Phwiti anamuyang'ana modabwa, nayamba naye kulira osadziwa chifukwa, ndipo makolo awiriwo anagawana, aliyense wake.

Asanachoke, Nasimbi analowa kuti akatenge diresi lija akalitaye. Kadona anali atalivulira pakhomo la khitchini pothamangira kuchipatala, ndipo iye mwini analilumpha potuluka. Pansipo panalibe kanthu. Analipeza kuchipinda, m'wadiropu, lili pahang'ala, mabatani omanga mpaka m'khosi, lopanda khwinya ngakhale limodzi, lopandanso udzu kapena fumbi m'munsi mwake. Anaima akuliyang'ana, dzanja lili m'malere. Kenako anatseka wadiropuyo osalikhudza.

"Mwalikoleka ndinu?" anamufunsa mwamuna wake pageti.

"Chibwerere kuchipatala sindinalowe m'nyumba," anayankha.

Kuyambira pamenepo ana sanagonenso kumeneko. Bambo awo ankabwera Loweruka kudzawatenga, kupita nawo kupaki kapena kwa azakhali awo, madzulo n'kuwabweza. Anaphunzira kumusambitsa Phwiti, ngakhale sopo ankamulowetsa m'maso, ndiponso kumangirira tsitsi la Kadona, mokhota. Namabatani atamva nkhani yonse anaika singano pansi osaseka, koma pofika masana anali atayamba kale kulosera.

"Mubwererana inu. Ndikuona ine. Ndiyambe kusoka diresi la ukwati wachiwiri?"

"Sitibwererana," anatero Nasimbi. "Tikungophunzira kupatsirana ana popanda kuwagwetsa."

Sanabwererane. Nthawi zina ankakanganabe pafoni, za nsapato za sukulu kapena kuchedwa, ndipo tsiku lina Nasimbi anadzimva akukweza mawu, Kadona ali pomwepo akulemba homuweki. Anadula foni n'kumuuza kuti, "Ndakwiya ndi adadi ako chifukwa achedwa. Zitha. Si za iwe." Mwanayo anamuyang'anitsitsa, kenako anabwerera ku masamu ake.

Mwamunayo anapeza kanyumba kena kufupi ndi msika, ka shedi yake yogwiriramo ntchito, ndipo mafiriji akufa aja anawagulitsa kwa ogula zitsulo. Tsiku losamuka anapempha Nasimbi kuti abwere ndi ana, aone okha kuti nyumba ija yatsekedwa, asamaganize kuti ikuwadikira. Unali m'mawa wowala bwino. Pabwalo panatsala mabala a udzu wofota pamene panali mafiriji. Lole inali itadzaza, bedi ndi tebulo miyendo ili m'mwamba. Wadiropu inali ya eni nyumba, yomangira kukhoma.

"Lija mwalitani?" anafunsa Nasimbi motsitsa mawu.

"Ndalisiya momwemo."

"Lisiyeni."

Mwamunayo anakhoma chitseko, nakhoma geti, nakwera kutsogolo kwa lole. Nasimbi anamubereka Phwiti kumbuyo, nagwira Kadona dzanja, kuti akakwere basi. Atayenda pang'ono anamva mwana wa kumsanayo akutembenuka, kadzanja kake kakugwedezeka m'mwamba.

"Tsalani bwino!" anakuwa Phwiti, moyang'ana kuzenera la khitchini. "Tapita ife!"

Khosi la Nasimbi linayamba kutembenuka lokha. Kadona anamufinya dzanja mwamphamvu.

"Musacheuke, amayi," anatero. "Tiyeni, basi itisiya."

Sanacheuke. Anamukweza bwino Phwiti kumsana, ndipo atatuwo anatsika msewu mpaka pakona.